Kodi rosemary ndi mankhwala enieni kapena n'chokometsera nyama chabe?

Mdzukulu wa ku Zomba:
Agogo anga aakazi amadzimbidwa akangodya, mimba imachita kufufuma. Aneba anawapatsa nthambi za rosemary, ndiye tsopano amawiritsa poto wodzaza n'kumamwa ngati thobwa, m'mawa ndi madzulo. Akuti zikuwathandiza. Ine ndikuda nkhawa ndi kuchuluka kwake. Alipo amene akudziwa muyezo wake?

Wazamankhwala ku Blantyre:
Achimwene, tsambali ndi mankhwala ndithu. Kwawo ndi mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo m'buku la miyezo ya mankhwala la ku Ulaya, European Pharmacopoeia, linalembedwa kuti Rosmarini folium. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la EMA limalivomereza pa kudzimbidwa ndi kupotokola kwa m'mimba kosakula, komanso kuthira m'madzi osamba minofu ikamaphwanya. Koma limanena poyera kuti umboni wake ndi woti anthu akhala akuligwiritsa ntchito zaka zambiri, osati kafukufuku wamkulu wa m'zipatala.

Muyezo ndi galamu 1 kapena 2 wa masamba ouma, ngati supuni yaing'ono, m'kapu ya madzi owira, kawiri kapena katatu patsiku. Poto wodzaza wachulukitsa. Musawiritsenso pamoto. Thirani madzi owira, vindikirani, dikirani mphindi 10. Zina zimene zimagwira ntchito zili m'mafuta onunkhirawo, monga cineole ndi camphor, ndipo amathawa ndi nthunzi. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti munthu wamkulu akamadzimbidwa kupitirira milungu iwiri ayenera kukapimidwa. Muwatengere kuchipatala agogowo, makamaka ngati akuwonda.

Mayi wa dimba:
Ine ndimalima. Tembenuzani tsamba muone kunsi: m'mbali mwake ndi mopindikira mkati, pakati ndi potuwa chifukwa cha tiubweya. Mukalifikisa pazala fungo limatsala. Yanikani pamthunzi, chonde. Masamba oyanika padzuwa amasanduka abulawuni, fungo n'kutheratu, ndipo amenewo ine sindipatsa munthu.

Namwino wopuma:
Mwana wanga, ndiwonjezepo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asamwe ngati mankhwala, ana osafika zaka 12 ayinso. Amene ali ndi timiyala m'ndulu afunse kaye dokotala. Ndipo mafuta a rosemary a m'timabotolo amene atsikana akupaka m'tsitsi masiku ano asamwedwe. Agogowo amamwa mapiritsi aliwonse?

Mdzukulu wa ku Zomba:
Amamwa a BP, mayi. Lachinayi lino akupita kukatenga ena, ndiwaperekeza ndipo ndikawauza adokotala za rosemary yemweyu.