Za chiliza cha agogo ndi mpando wa komiti

Mlembi (Kalingalinga): Moni kwa makolo ndi abale nonse. Ndikupereka zimene tinagwirizana pa msonkhano wa Lamlungu ku Chilenje, kuti amene sanathe kufika asamve za m'maluwa. Chiliza cha agogo chidzatsegulidwa kumudzi ku Katete Lachisanu, kuti mawa lake, lomwe ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti, tonse tikakhale nawo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Khomo lililonse lipereke K800 mwezi wa Juni usanathe. Pa mpando wa komiti panaima anthu awiri, amalume aakulu ndi achemwali a ku Mtendere, ndipo ambiri anasankha achemwali. Amalume sanalembepo kanthu pa gulu lino kuyambira tsikulo, choncho ndikupempha nzeru ngati ndiwaike pa ndandanda wa komiti kapena ayi.

Amayi aakulu (Chilenje): Usalembe kanthu kaye, mwana wanga. Achimwene anga a ku Matero, ndikudziwa kuti mukuwerenga ngakhale simukuyankha, ndipo ndikupempha kuti tikambirane pano pamaso pa onse, chifukwa nkhaniyi ikamayenda m'mafoni a anthu awiriawiri idzafika ku Katete itasanduka ina.

Achimwene a ku Kabwata: Maganizo anga ndi akuti tipange udindo wa mlangizi wamkulu wa komiti n'kuupereka kwa amalume, kuti dzina lawo likhale pamwamba pa ndandanda monga mwa ulemu wawo.

Wapampando (Mtendere): Ine chisankhidwireni mtima wanga suli pa mtendere. Ngati kukhala kwanga pa mpandowu kukuwapweteka amalume, ndili wokonzeka kutula pansi udindo, pakuti chiliza ndi cha amayi awo owabereka, ndipo ine ndine mdzukulu chabe.

Amalume aakulu (Matero): Ndawerenga zonse. Nabanda, usatule, chifukwa ukatero mbumba idzazolowera kuti chisankho chimasinthidwa ndi munthu amene wakhumudwa, ndipo tsiku lina adzakhumudwa wina amene sitidzatha kumunyengerera. Udindo wa mlangizi nawonso sindikuufuna. Pa msonkhano panalibe udindo wotere, mwaupanga lero kuti mundipukute misozi, ndipo aliyense wowerenga ndandandawo adzadziwa zimenezo.

Kunena zoona, zandipweteka. Ntchitoyi ilibe malipiro, ndipo wina anganene kuti palibe chimene ndataya, koma munthu akadzipereka kugwira ntchito yaulere n'kuuzidwa kuti ayi, sangadzitonthoze kuti mwina anatchula mtengo wokwera. Chimene chakanidwa ndi iye mwini. Pa maliro a mbumba ino muno mu Lusaka, ndine ndakhala ndikufunafuna galimoto, kugula bokosi ndi kuperekeza mtembo usiku ndi usana pa msewu wa Great East, kuwoloka Luangwa, kudutsa Nyimba, Petauke ndi Sinda, mtunda wa pafupifupi makilomita 500. Lamlungu manja anakwezedwa, anawerengedwa, tinapemphera, anthu n'kuyamba kudya, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza chifukwa. Anthu amayamikira malemu a Rupiah Banda kuti anavomereza msanga atagonja kwa a Michael Sata mu 2011, koma amaiwala kuti pamene ankavomerezapo misozi inali m'maso. Inenso ndavomereza. Chimene ndikupempha ndi chifukwa chake, ndipo chikhale chenicheni, osati chondikometsera.

Amayi aakulu (Chilenje): Achimwene, ine ndine mmodzi mwa amene sanakukwezereni dzanja, ndipo chifukwa changa ndichinena mosabisa. Ndalama za chilizachi zidzachokera m'makomo ambiri, ena ogulitsa tomato ku msika wa Soweto, ena odikira penshoni, ndipo zidzalowa pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money ndi MTN. Munthu amene wapereka K800 atadzimana adzafuna kufunsa kuti simenti yagulidwa matumba angati, mmisiri wa mwala walandira zingati, ndipo lisiti lili kuti. Mwana wa mlongo wanu sangakufunseni inu zimenezo. Adzakhala chete chifukwa cha ulemu, adzang'ung'udza kunyumba kwake, kenako adzasiya kupereka, ndipo ife tidzadabwa kuti thumba laumiranji ntchito isanathe. Nabanda tingathe kumufunsa m'mawa ndi madzulo, ngakhale kumudzudzula kumene, popanda wina kuopa kuti walakwira mwini mbumba. Palibe amene anakayikira kukhulupirika kwanu pa ndalama. Chimene chinatiletsa ndi msinkhu wanu pakati pathu, umene sutilola kukuimitsani pakati pa bwalo kuti muyankhe mafunso a adzukulu anu.

Amayi aang'ono (Katete): Ine ndili kuno kumudzi, ndiloleni ndiwonjezere zimene a mu tauni mwina simukuziona. Manda ali m'manja mwa amfumu, ndipo palibe amene amalowamo ndi simenti kapena mwala asanapemphe chilolezo. Adzukulu a kumanda nawonso ayenera kuuzidwa mwa mwambo wake, ndi kukonzeredwa chakudya pa tsiku la ntchito. Zonsezi sizichitika ndi wapampando wa komiti. Nabanda atafika kwa amfumu ndi kope lake la ndalama, funso loyamba lidzakhala lakuti, kodi amalume ako ali kuti? Achimwene, udindo umenewo sunali pa chisankho cha Lamlungu ndipo palibe dzanja limene lingakuchotsereni. Ndikupempha kuti mubwere mu Julayi, chifukwa Ogasiti akalowa mafumu amatanganidwa ndi zokonzekera mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi, ndipo nkhani ya banja limodzi sangaimvetsere modekha.

Amalume aakulu (Matero): Chifukwa chimene mwapereka, achemwali, ndachimva, ndipo chikundivuta kuchitsutsa, ngakhale kuti mtima sunakhale pansi. Mukanandiuza chisankho chisanachitike, sindikanaima, ndipo ana sakanakakamizika kusankha pakati pa malume awo ndi mlongo wawo ine ndikuwayang'ana. Ndikupempha kuti m'tsogolo muno, wamkulu akafuna kuima pa udindo umene sukumuyenera, anzake amutengere pambali usiku wake, ndiponso kuti tizivota polemba pa timapepala m'malo mokweza manja. Za kwa amfumu ndi zanga kale, sizifuna kuti wina andipatse, ndipo ndidzanyamuka sabata yachiwiri ya Julayi. Pa msonkhano wotsatira wa komiti sindidzakhalapo. Musachitenge ngati kunyanyala. Ndikufuna kuti Nabanda ayambe ntchito popanda anthu kuyang'ana kaye nkhope yanga asanamuyankhe. K800 ya khomo langa nditumiza kumapeto kwa mwezi uno, ndipo lisiti lake ndidzalifunsa monga wina aliyense.

Wapampando (Mtendere): Zikomo kwambiri, amalume. Mpando ndikhalapo, ndipo Loweruka lililonse ndiziika pa gulu lino ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, pamodzi ndi zithunzi za malisiti. Pali chinthu chimodzi chimene sindingachichite popanda inu ndi amayi aakulu: mmisiri akufuna mayina onse a agogo, chaka chimene anabadwa ndi vesi lolemba pa mwala, ndipo wanena kuti akasema sizifufutika. Ndikupempha kuti ndibwere ku Matero Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, kuti tidzalembe zimenezi pamodzi.

Amalume aakulu (Matero): Ubwere, ndipo udutsire ku Chilenje utenge amayi ako aakulu, chifukwa za chaka chobadwa iwo ndi ine tasiyana maganizo kuyambira kale.

Mlembi (Kalingalinga): Ndalemba motere: udindo wa mlangizi sitiupanga, amalume atsogolera zonse za kwa amfumu ndi za kumanda, ndipo nkhani yovota pa timapepala ilowa pa msonkhano wotsatira. Chotsala ndi mayendedwe. Sabata ya Kulamba mabasi a ku Intercity amadzaza msanga, ndipo malo ogona ku Katete amasowa chifukwa cha alendo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, choncho khomo lililonse linditumizire chiwerengero cha opita pofika Lachitatu, kuti achimwene a ku Kabwata akafunse mtengo wobwereka basi yathuyathu.