Mwana wosaona akamati "ndaona", timukonze kapena timusiye?

Admin ndibiseni dzina chonde. Abale ndithandizeni nzeru. Ndikulera mwana wa malemu mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 6, anabadwa wosaona ndipo kuchipatala anatiuza kale kuti za maso palibe chomwe angachite. Mwanayu ndi wolongolola koopsa, koma amayankhula ngati munthu woona. Dzulo ndabwera ndi chitenje chatsopano akuti "anti bweretsani ndione", wachisisita mbali zonse, kuchinunkhiza mpaka kuchiika patsaya, kenako akuti "ndachiona, ndi chokongola koma chikukhakhala." Agogo ake akwiya nazo, akuti tikumuzoloweretsa bodza, aziti ndagwira osati ndaona anthu angamamuseke.

China ndi cha mitundu. Anandifunsa kuti kufiira ndi chani, ine kusowa choyankha ndinangomupatsa tomato wakupsa, ndiye pano chilichonse chofewa akuti ndi chofiira, buledi ndi wofiira, pilo ndi wofiira kkkk ndimaseka koma mumtima zikundiwawa. Ndimuuze bwanji?

NDEMANGA

Nabanda: Mulungu akudalitseni polera mwana wa mbale wanu. Agogowo ndi chikondi chabe, akuopa zoti mdzukulu azisekedwa.

Achimwene a ku Kasungu: Mayi, ine ndinabadwa wosaona, ndinaphunzira ku sukulu ya osaona ya Chilanga ndipo ndikulemba pano ndi TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa pa foni. Musamukonze mwanayo. Ine ndikamatsanzikana ndi anzanga ndimati tionana mawa, mukufuna ndiziti tigwirana mawa? Apolisi anditenga kkkk. Kuona kwathu ndi kumeneko, manja mphuno makutu. Ndipo taganizani Chichewa chathuchi, timati ndamva phokoso, ndamva fungo, ndamva kutentha, ndamva kukoma, ndamva zomwe mwanena, mawu amodzi omwewo. Anthu oona nawonso amati "ndaona kuti sukundifuna" kapena "waona mavuto", zimenezo amaziona ndi maso ngati? Za mitundu sindinama, kufiira sindinakuonepo, koma ndimadziwa kuti magazi ndi ofiira, ufa woyera umati mbee, makala ali bii, chimanga chikamera bwino munda umati biriwiri, mbendera yathu ili ndi wakuda, wofiira ndi wobiriwira. Ndimadziwa ngati momwe inu mumadziwira za London musanapiteko. Malaya anga oyera ndimawazindikira ndi mabatani ake, ndiye sindisokoneza popita kutchalitchi.

Jere: Pitani naye kumapemphero mayi, palibe chosatheka.

Nabanda: A Jere funso silimenelo.

Mphunzitsi wa ana olumala: Ndigwirizane ndi achimwene a ku Kasungu. Ku America akatswiri awiri, Barbara Landau ndi Lila Gleitman, anatsatira kayankhulidwe ka mwana wobadwa wosaona ndipo zotsatira anazitulutsa mu 1985. Mwanayo akamuuza kuti ayang'ane kumwamba ankakweza manja, pomwe ana oona atawamanga nsalu kumaso ankakweza mutu. Ndiye wanuyo sakunama, mawuwo wawapatsa tanthauzo lochokera m'manja mwake. Pa tomato paja vuto ndi loti munamupatsa chitsanzo chimodzi, iye anatolapo chomwe manja anamva. Mupatseni zofiira zosiyana, njerwa yootcha, tsabola wakupsa, chivindikiro cha botolo, mumuuze kuti zonsezi ndi zofiira ngakhale zina zolimba zina zofewa, ndipo kuti mtundu ndi chinthu chomwe maso okha ndi amene amatola, manja sangachipeze. Ana amamvetsa msanga kuposa momwe timaganizira. Chomwe muyenera kusintha ndi inuyo akuluakulu, mawu ngati apo, uko, icho kwinaku mukuloza chala kwa iye ndi mphepo chabe. Muziti kapu ili kumanja kwako pafupi ndi mbale. Komanso zaka 6 ndi zoyamba sukulu, asachedwe kuyamba braille, zilembo za osaona zowerenga ndi zala, ndi timadontho 6 basi tosanjidwa mosiyanasiyana koma zala zimafuna kuzolowera akadali wamng'ono. Funsani ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu za resource centre yapafupi, malo ophunzitsira ana olumala, aphunzitsi ake ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, kapena a Malawi Union of the Blind akulozerani.

Mwini funso: Zikomo nonse, ya tigwirana mawa ija ndawawerengera agogo aseka mpaka kutsokomola, koma akuti iwo aziti ndagwira basi. Ndayesa za njerwa ndi tsabola madzulo ano, wakhala chete kenako akundifunsa kuti nanga iyeyo ndi wamtundu wanji, ndamuuza kuti ndi woyera ngati mayi ake, akuti "ndiye ndikapanda kusamba ndimakhala wakuda?" Achimwene a ku Kasungu bwereraninso kuno, ili ndiliyankha bwanji?