Thandizeni: timbozi takuda pa mpiru sitikufa, kodi mbozi zonse ndi zimodzi?

Wofunsa:
Moni nonse apagulu pano, aadimini chonde positi iyi idutse chifukwa mutu wandiima. Ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba, muli mpiru, kabichi pang'ono ndi mizere ingapo ya chimanga. Masabata awiri apitawa masamba a mpiru anayamba kubooka booka, ena mpaka kutsala mitsempha yokhayokha. Nditasuzumira bwino ndinapeza timbozi takuda, kuda kwake kobiriwira pang'ono, totalika mwina sentimita imodzi ndi theka, khungu lamakwinya lopanda ubweya, ukangogwedeza tsamba timadzipinda n'kugwa pansi. Ndinapopera mankhwala otchedwa Bt aja amati ndi a mbozi, ndinatsata zonse zolembedwa papaketi, madzulo dzuwa litapepa, kawiri konse. Timbozi tobiriwira ta pakabichi tinafa ndithu koma takudati tikudyabe ngati sindinachitepo kanthu.

Chachiwiri, pakabichi pomwepo pali nsabwe zambiri ndiye pakati pa nsabwezo ndikumapeza kanthu kofewa ngati kamphutsi, miyendo kalibe, mutu sukuoneka, mbali imodzi ndi kosongoka. Ndakhala ndikutiphwanya ndi chala. Kuchimanga nakonso munsonga muja motulukira masamba atsopano muli timbozi tating'ono kwambiri ta mutu wakuda. Anthu ondizungulira zonsezi akungoti ndi mbozi basi. Inu odziwa, kachilombo kakadali kakang'ono chonchi, kasanamere mapiko, mumakazindikira bwanji kuti ndi mwana wa chani? Ndikufuna ndidziwe poyang'ana penipeni osati kumangopopera chisawawa.

Mlimi wa kudimba:
Achimwene mwina anakugulitsani mankhwala otha mphamvu, sinthani mugule ena aukali mupopere dimba lonse nkhani ithe

Wofunsa:
Ndinaganizanso choncho koma nanga bwanji tapakabichi tinafa ndi mankhwala omwewo, tsiku lomwelo, sipuleya yomweyo?

Mlangizi wopuma:
Bambo musafulumire kugula ena, mankhwala anuwo ndi abwinobwino ndipo umboni mwaunena nokha. Tengani kambozi kamodzi kakudako mukaike pa pepala loyera, kagadamizeni ndi kamtengo muwerenge miyendo. Kufupi ndi mutu mupeza miyendo 6 yolimba yosongoka, imeneyo ndiyo miyendo yeniyeni imene kadzakhale nayo kakakula, isiyeni. Muwerenge timiyendo tofewa tonenepa ta pamimba tija mpaka kumchira. Mbozi yomwe idzasanduke gulugufe kapena njenjete siipyola mapeya 5, kawirikawiri 4 pakati ndi imodzi kumapeto, ndipo pakati pa miyendo yakutsogolo ndi yapamimba pamakhala kampata koonekera bwino. Mukapeza mapeya 6, 7 kapena 8 atandandalikana pafupifupi opanda mpata ndiye kuti si mbozi ya gulugufe ayi, ndi mwana wa sawfly, kachilombo ka mtundu wa mavu ndi njuchi. Malinga ndi mmene mwafotokozeramo, zakuda, pa mpiru, kudzipinda n'kugwa, ine ndikukaikira sawfly wa gulu la Athalia amene amakonda mpiru, repu ndi abale ake. Bt wa mbozi amagwira ntchito mbozi ikamudya, amakaononga matumbo a mbozi za agulugufe ndi njenjete basi, m'mimba mwa sawfly samagwira. N'chifukwa chake ena anafa ena ayi.

Mayi wa maluwa:
Iii ine zaka zonsezi ndimangoti chilichonse chokwawa patsamba ndi mwana wa gulugufe, zikomo aphunzitsi. Nditsatira nawo

Wophunzira za tizilombo:
Ndiwonjezereko pa zomwe anena amdalawa, zonse ndi zoona. Ngati kamera ya foni yanu imazuma bwino kapena muli ndi galasi lokulitsa zinthu yang'ananinso mutu chammbali. Sawfly amakhala ndi kadiso kamodzi koonekera mbali iliyonse, mutu wozungulira wonyezimira ngati mkanda, pomwe mbozi ya gulugufe ili ndi timaso ting'onoting'ono pafupifupi 6 mbali iliyonse tomwe ndi maso chabe simungatione. Kunsi kwa timiyendo ta pamimba ta mbozi yeniyeni kulinso tingowe tambirimbiri, ndi tija timakola pachala kapena pansalu mukafuna kuichotsa, sawfly alibe.

Koma chomwe chandikhudza ine ndi kamphutsi ka pakati pa nsabwe kaja, chonde lekani kukaphwanya. Kopanda miyendo, kopanda mutu wooneka, kosongoka kutsogolo, ameneyo ndi mwana wa ntchentche, ndipo ngati ali pakati pa nsabwe ndiye ndi wa hoverfly, ntchentche ija ya mizere yachikasu ndi yakuda yomwe imaima malo amodzi m'mwamba pafupi ndi maluwa anthu n'kumaiyesa njuchi. Tsamba sadya, chakudya chake ndi nsabwe zanuzo. Khalani pansi mukayang'anitsitse mphindi zisanu muona, kamagwedeza mbali yosongokayo uku ndi uku, kakagwira nsabwe kamainyamula m'mwamba n'kuiyamwa mpaka kutsala khungu lokha. Kamodzi kamatha nsabwe mazana angapo kasanasanduke.

Wofunsa:
Ayi ndalakwa kwambiri, ndaphwanya tambiri ndithu. Nanga ndingadziwe bwanji kuti uyu ndi wondithandiza uyu ndi wondionongera? Pali lamulo lake?

Wophunzira za tizilombo:
Lamulo limodzi lokwanira zonse palibe, komabe muziona chomwe kakuchita ndi pomwe kali. Kodya tsamba kamasiya chizindikiro, mabowo, ndowe, timizere toyera m'kati mwa tsamba. Kodya anzake kamapezeka pomwe pali nsabwe tsamba lili losadyedwa. Chitsanzo china ndi ana a tizikumbu tofiira ta madontho akuda tija, iwo safanana ndi makolo awo olo pang'ono, ndi akuda atali ngati kang'ona kakang'ono, madontho a olenji pamsana, miyendo 6 yaitali, othamanga, amadya nsabwe. Koma m'banja lomwelo muli a Epilachna omwe ana awo ndi achikasu, onenepa, thupi lonse timinga ta nthambi, amenewo amapala masamba a maungu ndi mbewu zina kusiya ngati ukonde. Ndiye ngakhale banja limodzi muziyang'anabe.

Mlangizi wopuma:
Pachimangapo ndikuuzeni zoona bambo, pamsinkhu umenewo ngakhale ife timavutika. Mbozi ikangoswa kumene zambiri zimafanana, kathupi kotuwa kapena kobiriwira mutu wakuda. Ntchemberezandonda zija zinachokera ku America n'kupezeka mu Africa koyamba mu 2016, dzina lake la sayansi ndi Spodoptera frugiperda, zimadutsa misinkhu 6 ndipo msinkhu uliwonse zimafundula khungu. Zizindikiro zomwe aliyense amatchula zimayamba kuoneka bwino ikafika chapakati pa misinkhuyi: pamutu pali mzere wotuwa ngati chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira, pachigawo chachiwiri kuchokera kumapeto, pali madontho 4 akuda okhala ngati makona a sikweya. Musadalire Y yekha chifukwa pali mbozi zina za banja lomwelo zomwe zili ndi mzere wofananako pamutu, madontho 4 aja ndiwo amatsimikiza. Zikadali zazing'ono yang'anani kadyedwe, zimapala tsamba mbali imodzi kusiya kakhungu koonekera kuwala ngati windo, zikakula mumapeza mabowo ong'ambika ndi ndowe zambiri ngati utuchi wonyowa munsongamo, ndipo nthawi zambiri mbozi yaikulu imakhala imodzi kapena ziwiri chifukwa zimadyana. Kapuchi naye amayambira munsonga momwemo koma ndi wotuwa kapena wofiirira, wosalala, mtundu wina uli ndi madontho thupi lonse, ndipo amaboola n'kulowa mu phesi. Funani mazira kunsi kwa masamba, a ntchemberezandonda amakhala mulu wa 100 mpaka 200 wokutidwa ndi kaubweya kotuwa, kukatentha amaswa pa masiku awiri kapena atatu.

Mlimi wa kudimba:
Ndiye mpaka tizidikira ikule kuti tiidziwe? Chimanga sichitha pamenepo?

Mlangizi wopuma:
Ayi achimwene, kuteteza mbewu musadikire, mbozi yaing'ono ndiyo yosavuta kuthana nayo isanabisale. Koma tengani ziwiri zitatu muzilere pambali, mudziwe chomwe chakulowerani. Chaka chamawa mudzangoona kadyedwe n'kuzindikira.

Mayi wa maluwa:
Ine ndifunseko nawo pomwepa, pokumba bedi ndikumapeza zoyera zonenepa zopindika ngati C mutu wabulauni, ndi mbozinso?

Wophunzira za tizilombo:
Amayi amenewo ndi ana a zikumbu, muona miyendo 6 kutsogolo koma pamimba palibe timiyendo konse, ambiri amadya mizu. Ngati ndi yopindika, mutu wolimba ulipo koma miyendo palibiretu, ndi ya banja la anankafumbwe. Yotuwa yosalala yokhala ndi timiyendo ta pamimba, yomwe imadzizinga mukaifukula pafupi ndi mbande yodulidwa, ndi mbozi ya njenjete yodula mbewu usiku. Chinanso, si tizilombo tonse timadutsa pa mbozi. Ziwala, anunkhadala ndi nsabwe ana ake amafanana ndi akulu kungoti alibe mapiko, pamsana pamangokhala timapiko tosakhwima tomwe timakula akamafundula. Chosokoneza ndi mtundu, nunkhadala wobiriwira uja akadali mwana amakhala wakuda wa madontho oyera, anthu amamuyesa kachilombo kena.

Wofunsa:
Kulera kwake mumatani? Ndinayesapo kale kuika mbozi mu botolo inangofa

Mlangizi wopuma:
Mwina munatseka ndi chivindikiro kapena munaiika padzuwa. Botolo la kukamwa kwakukulu, pamwamba mangani kansalu kopyapyala, pansi thirani dothi lofewa lachinyezi pang'ono lokwana zala zitatu chifukwa sawfly ndi ntchemberezandonda onse amalowa m'dothi posanduka. Muziipatsa masamba a mbewu yomweyo munaipezapo, osapopera, atsopano tsiku lililonse, ndowe muzichotsa kuti musachite nkhungu. Ya chimanga imodzi botolo lake. Ikasiya kudya n'kumangozungulira musaganize kuti yadwala, ikufuna pobisala, ikalowa m'dothi osafukula. Ntchemberezandonda kukatentha imatuluka ili njenjete pakatha sabata ndi masiku ochepa. Papepala lembani tsiku, mbewu ndi mbali yomwe imadya. Nthawi zina m'malo mwa njenjete mudzaona tizikwa toyera ngati thonje pambali pa mbozi yakufa kenako timavu ting'onoting'ono, amenewo ndi adani a mbozi, atulutseni abwerere kudimba.

Wophunzira za tizilombo:
Ndipo mukamaponya chithunzi pano jambulani katatu, pamsana, chammbali kuti miyendo ioneke, ndi kumaso, pambali pake ikani rula kapena kamtengo ka machesi. Zithunzi zambiri zomwe anthu amatumiza ndi zapamsana zokha, palibe angawerenge miyendo pamenepo. Ngati mukufuna kupititsa kwa katswiri, iviikeni kaye m'madzi ongowira kumene kwa mphindi imodzi kenako mu sipiriti wa 70%, mukangoiponya mu sipiriti yamoyo imada n'kukwinyika zizindikiro zonse kusowa.

Wofunsa:
Ndabwera kudimba, ndawerenga atatu osiyana kuti ndisalakwitse. Kutsogolo 6, pamimba mapeya 8 kuphatikiza yakumchira, kadiso kamodzi mbali iliyonse ndakaona pozuma. Ndipo ndikuwerenga choncho patsamba lina panatera kachilombo ka mimba ya olenji mutu wakuda, kocheperapo kuposa ntchentche ya m'nyumba, kaulesi pouluka. Kamphutsi kaja ndakaonanso ndi maso anga katanyamula nsabwe m'mwamba, ndakasiya. Tachimanga ndatenga titatu, tili m'mabotolo atatu.

Mlangizi wopuma:
Ka olenjiko ndiye mayi wake, amaikira mazira m'kati mwa tsamba chakumphepete. Poti dimba ndi laling'ono, mawa m'mamawa kusanatenthe yalani nsalu kapena beseni kunsi kwa mpiru mugwedeze, tigwera momwemo, mubwereze masiku angapo chifukwa mazira ena sanaswe. Tam'mabotoloto pakatha masiku anayi kapena asanu mujambule chakumchira mutiponyere pano tione madontho.