Mnyamata amene ankavina ndi mwana wanga pa ayezi wasiya, tilowere kuti?

Mayi_wa_pa_rinki:

Abale anga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndili kuno ku Canada, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 15 amavina pa ayezi. Sindikunena zolumphalumpha m'mwamba zija ayi, ndikunena ice dance, gule wa awiriawiri wogwirana manja n'kumatsata nyimbo. Anayamba kutsetsereka ali ndi zaka 6, ndipo atakwanitsa zaka 10 kochi anamuphatikiza ndi mnyamata wina wa pa kilabu pathu. Anayambira pa magule a oyamba kumene, Dutch Waltz ndi Canasta Tango, ife makolo tikuwomba m'manja ngakhale anawo akuwombana mawondo. Pang'ono ndi pang'ono anadutsa Fourteenstep ndi Foxtrot, chaka chatha anachita bwino ku gawo la novice, ndipo sizoni ikubwerayi amayenera kukwera kulowa gawo lotsatira la junior.

Mwezi watha, mu Epulo, mnyamatayo anati basi. Ali ndi zaka 18, akupita ku yunivesite, komanso bondo lakhala likumuvuta. Sindikumuimba mlandu. Anabwera yekha kunyumba kudzatiuza pamaso, misozi ikulengeza, ndipo ndinamukumbatira ngati wanga.

Koma mwana wanga sanasiye kudzuka 4:45 m'mawa. Dzulo ndinamuonera pagalasi la chipinda chodikiriramo makolo. Amayeseza Starlight Waltz yekha, dzanja lamanzere lili m'mwamba pamene pankakhala phewa la mnzake. Atafika pakona thupi linapendekeka lokha kudikira dzanja loti limugwire kumsana, ndipo anatsala pang'ono kugwa. Anaima, n'kupukuta chipale pa mpeni wa nsapato ndi zala, n'kuyambiranso. Ine ndinatuluka kukalirira m'galimoto.

Kochi watiyalira njira zitatu. Avine yekha mu solo dance, kapena tiziyenda kukayesana ndi anyamata a m'makilabu ena, kapena tivomere mnyamata wina wa ku Ulaya amene bungwe la dziko lake likumufunira mtsikana. Yachitatuyi ikutanthauza kuti mwana achoke pakhomo ndipo aziimira dziko lina. Kochi akuti mwayi wotere subwera kawiri. Kodi pa zaka 15 nthawi yamuthera? Amene munadutsamo kapena mumatsatira masewerawa, ndithandizeni maganizo.

Wotsata_magule:

Mayi, pepani kwambiri. Ndakhala ndikuonera gule ameneyu kuyambira 2010, ndipo ndikufuna ndikuchotseni mantha a zaka poyamba.

Chimene chimatipweteka ambiri ndi nkhani ya Tessa Virtue ndi Scott Moir. Anawaphatikiza mu 1997, mtsikana ali ndi zaka 7 mnyamata 9, anatenga chikho cha dziko lonse lapansi cha junior mu 2006, kenako golide ya Olimpiki ku Vancouver mu 2010, Tessa ali ndi zaka 20 zokha. Meryl Davis ndi Charlie White nawonso anayambira limodzi ali ana mu 1997 mpaka golide ya ku Sochi mu 2014. Gabriella Papadakis ndi Guillaume Cizeron chimodzimodzi, anawaphatikiza ndi mayi ake a Gabriella ku Clermont-Ferrand ali aang'ono. Ndiye kholo lililonse limaganiza kuti njira ndi yokhayo, ukataya mnzako wa paubwana ndiye kuti zako zada.

Tsopano taonani Madison Chock. Anapambana mpikisano wa dziko lonse wa junior mu 2009 ndi Greg Zuerlein. Mu 2011 Greg anasiya masewera, Madison anatsala yekha ngati mwana wanuyu, iye ali ndi zaka pafupifupi 19. Evan Bates naye anali atapambana mpikisano womwewo mu 2008 ndi Emily Samuelson, koma mu 2010 mpeni wa nsapato unamudula mtsempha wa pachidendene akuyeseza, anataya sizoni yonse, ndipo awiriwo anasiyana. Chock ndi Bates anagwirana manja mu 2011. Chikho cha dziko lonse anadzachitenga koyamba mu 2023 ku Saitama, patatha zaka 12, n'kubwerezanso ku Montreal mu 2024 ndi ku Boston mu 2025. Chaka chomwecho cha 2011 Piper Gilles anayamba ndi Paul Poirier, ndipo Madison Hubbell, amene anakula akuvina ndi mlongo wake Keiffer, anayamba ndi Zachary Donohue mpaka anafika pa mendulo ya Olimpiki mu 2022. Onsewa anali akulu kuposa mwana wanu pamene ankayamba ndi munthu watsopano.

Malamulo nawonso ali kumbali yanu. Bungwe la ISU, loyendetsa masewerawa padziko lonse lapansi, linakweza zaka zolowera ku senior, gawo la akuluakulu, kufika pa 17, ndiye ngakhale atapeza mnyamata mawa, sangathamangire kumeneko. Ku junior mtsikana ali ndi zaka zingapo ndithu zoti avine. Junior Grand Prix, mipikisano ya ma junior ya pakati pa mayiko, imayamba kumapeto kwa Ogasiti, ndipo awiri amene angokumana mu Juni sangakhale okonzeka kukaonekera kumeneko. Sizoni inoyi muiwerenge ngati yomangira maziko, kaya ali ndi mnzake kaya alibe.

Ndinavinapo:

Mayi, ine ndinavina zaka 9 ngati mnyamata, ndinasiyira ku junior, ndipo pano ndimathandiza ana pa rinki ina kumapeto kwa sabata. Zimene alemba achimwene pamwambapa ndi zoona, koma akunena za anthu amene zinawayendera. Ine ndikuuzani za pansi pano.

Atsikana ofuna mnzawo ndi ambiri, anyamata ndi ochepa kwambiri. Zimenezi zimawononga mitu. Ine ndili ndi zaka 16 makolo a atsikana ankandiimbira foni okha, ena kulonjeza kundilipirira kochi, nsapato, maulendo, zonse. Ndinavomera banja lina ndipo ndinalakwa. Tsiku lililonse mtsikana uja ankadziwa kuti bambo ake akundilipirira, ine ndinkadziwanso, ndipo tikakangana pa kanthu kakang'ono nkhani ya ndalama inkatulukira. Tinatha sizoni imodzi basi. Mukapeza mnyamata, mabanja awiri mukhale pansi mulembe papepala kuti wolipira chiyani ndani, ndipo wina akafuna kusiya anene mwezi uti. Musachite manyazi ndi zimenezi.

Za kuyesana. Makolo ambiri amayang'ana kutalika ndi nkhope, akuti akuoneka bwino limodzi. Kutalika n'kofunika inde, koma mu gule wathu simunyamula mtsikana pamwamba pa mutu ngati a pairs (awiriawiri olumpha aja), palibe kuponyana, palibe kulumpha kozungulira kangapo. Malikisi ali m'mapazi. Ndiye tsiku loyesana musatengeke ndi zonyamulana. Pemphani kochi awagwiritse Kilian hold (kugwirana ali moyandikana, onse akuyang'ana kutsogolo), ayende mozungulira rinki kangapo popanda nyimbo, inu mutseke maso mumvetsere. Mawondo akamapinda nthawi imodzi mumamva phokoso limodzi, loti shiii, lalitali. Akasiyana mumamva awiri, kwe kwe, wina akukoka mnzake. Bondo la munthu lili ndi kayendedwe kake, ndipo kulisintha kumatenga zaka. Ine ndi mtsikana wanga woyamba tinali osiyana kutalika pang'ono chabe, anthu ankati sitikuyenerana, koma phokoso lathu linali limodzi kuyambira tsiku loyamba.

Chachiwiri, onani zimene mnyamatayo amachita mtsikana akalakwitsa twizzle. Twizzle ndi pamene aliyense amazungulira pa mwendo umodzi uku akuyenda, osagwirana, ndipo m'modzi akaponda pansi msanga level (mlingo wa kuvuta kwake) imatsika, majaji amadulanso GOE (malikisi a momwe mwachitira bwino), malikisi a onse awiri amapita. Mnyamata akatembenuza maso kuyang'ana kochi kuti aone kuti wolakwa si iye, ameneyo musiyeni ngakhale atakhala katswiri. Amene amaseka pang'ono n'kutambasula dzanja kuti tibwereze, ameneyo ndiye munthu.

Za dzanja lili m'mwamba lija, musadandaule nazo kwambiri. Koma kupendekeka pakona kukusonyeza kuti mnyamata uja ankamunyamulira mbali ina ya thupi. Miyezi ya yekhayi imuphunzitsa kuima pa edge yake, m'mphepete mwa mpeni wa nsapato. Kochi aliyense woyesa mtsikana amayamba kumuona akuyenda yekha.

Mayi_wa_atatu:

Achemwali, ine ndilankhula za njira yachitatuyo basi, chifukwa mawu akuti mwayi subwera kawiri andiwawa. Mawu amenewo amathamangitsa makolo.

Mufunse bwinobwino za unzika. Pa mipikisano ya ISU zimatheka kuti m'modzi yekha mwa awiriwo akhale nzika ya dziko limene akuimira, koma ku Olimpiki onse awiri ayenera kukhala nzika. Laurence Fournier Beaudry, wa ku Montreal konkuno, ankaimira Denmark. Iye ndi mnzake anapezera dzikolo malo a ku Olimpiki ya 2018, koma unzika wa Denmark sunatheke ndipo sanapite. Atasintha kuti aziimira Canada anadikiranso chaka asanaloledwe kupikisana kunja. Piper Gilles, wobadwira ku America, anadikira mpaka Disembala 2013 kuti apeze unzika wa Canada. Mwana wanu akangoimira dziko lina pa mpikisano wa kunja, kubwerera kumafuna kuti bungwe lija limumasule, n'kudikiranso. Mnyamatayo akamusiya pakatha chaka, mwana adzakhala ali kudziko la eni, wopanda mnzake, wopandanso ufulu wovinira kwawo msanga.

Koma ngakhale mapepala atakhala bwino, wa zaka 15 ndi mwana. Azikagona kwa ndani? Akadwala usiku adzutsa ndani? Wina akayamba kumuuza kuti walemera, mnyamata akuvutika kumunyamula, achepetse kudya, adzauza ndani? Mwana wa mchemwali wanga ankachita masewera ena ofanana ndi amenewa kutali ndi kwawo, ndipo tinadzazindikira mochedwa kuti miyezi inayi ankangodya kamodzi patsiku chifukwa cha mawu a munthu wamkulu m'modzi. Mtsikana amene akudziwa kuti pali atsikana khumi akudikira malo ake sadandaula, amangopirira.

Ngati mnyamatayo akufunadi, abwere iye. Makochi a gule ali ku Canada konkuno. Ku Montreal kwa Marie-France Dubreuil, Patrice Lauzon ndi Romain Haguenauer kumabwera ovina ochokera m'mayiko ambirimbiri, ndipo Papadakis ndi Cizeron anasamukira kumeneko mu 2014 ali pa nambala 13 padziko lonse, chaka chotsatira n'kukhala oyamba. Anthu akuwoloka nyanja kubwera kuno, inu mutumize mwana kumene akuchokako?

Wotsata_magule:

Ndikugwirizana nanu mayi pa za msinkhu, koma tisatseke chitseko cha dziko lina mpaka kale. M'dziko limene muli magulu ambiri amphamvu, malo opita ku mpikisano wa dziko lonse sapitirira atatu, ndipo ovina abwino amakalamba asanatulukepo. Pa zaka 18 kapena 19 nkhaniyi idzamveka mwina. Ndiwonjezere ziwiri. Sikofunika kuti mnyamata akhale wa gule kale: Lewis Gibson ankatsetsereka yekha n'kumalumpha asanayambe ndi Lilah Fear mu 2016, ndipo mu 2025 anapatsa Britain mendulo yoyamba ya dziko lonse mu gule kuchokera nthawi ya Torvill ndi Dean mu 1984. Ndiye kochi ayang'anenso anyamata amene kulumpha kwawakanika koma mapazi ali bwino. Komanso Skate Canada, bungwe la masewerawa kuno, inasintha lamulo kumapeto kwa 2022 kuti pa mipikisano ya m'dziko muno gulu likhale la anthu awiri alionse, ngakhale atsikana okhaokha. Ndiye pa mipikisano ya kuno mwana atha kukhala akugwirana ndi munthu m'malo movina ndi mphepo.

Mayi_wa_pa_rinki:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Usiku wathawu ndinachita chimene ndinayenera kuchita kalekale, ndinamufunsa mwiniwake. Tinali m'galimoto panja pa rinki, chikwama cha nsapato chili pamiyendo pake. Ndinati mwanawe, ukufuna chiyani iweyo, osati kochi, osati ine. Anakhala chete nthawi yaitali akuseweretsa zipi, kenako anati, amayi, ku Ulaya sindikufuna, koma ndimaopa kunena chifukwa mwawononga zambiri pa ine. Mtima wanga unasweka. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti sakuona.

Tagwirizana kuti sizoni ino alembetse solo dance, ndipo kochi wavomera kumuwonjezera ola la ma edge ndi ma twizzle Lachiwiri ndi Lachinayi. Kwa a ku Ulaya tayankha kuti ngati mnyamata angabwere kuno kudzayesana sabata imodzi, chitseko n'chotsegula. Pali mnyamatanso wina wa zaka 16 pa kilabu ya maola awiri kuchokera kuno amene wasiya kulumpha chifukwa cha msana, ndipo tikupita Loweruka pa 9 koloko.

Achimwene a Ndinavinapo, ndikatseka maso monga mwanenera. Koma ndiuzeni, mnyamata amene sanagwirepo mtsikana mu hold, tsiku loyamba phokoso lija lingamveke limodzi, kapena timupatse masiku angati tisanaweruze?

Ndinavinapo:

Mupatseni masiku atatu, mayi. Loweruka adzakhala wouma mapewa ndipo adzaopa kumuponda, makamaka ngati akadali ndi mipeni yake yaitali ya kulumpha, chifukwa ya gule imakhala yaifupi kumbuyo kuti asakolane. Tsiku limenelo ayende moyandikana osagwirana, ndiye mumvetsere pamenepo. Hold ayambe tsiku lachiwiri. Mukabwerako mudzatiuze zimene mwamva.