Za chiliza cha ku Ulongwe ndi nkhani imene mdzukulu walemba

Amalume a ku Lizulu: Moni nonse a mbumba yathu. Pali nkhani ziwiri zofunika kuti tigwirizane, ndipo ziwirizi sizingalekanitsidwe. Ana a malemu mlongo wanga, amene anagona ku Ulongwe m'dziko la Mozambique, atumiza mawu kuti akufuna kumanga chiliza chaka chino mvula isanagwe, ndipo akupempha kuti ife akuchikazi tikakhalepo. Yachiwiri ndi nkhani yopeka imene mdzukulu wathu wa ku Zomba walemba yokhudza mayi omwewo, imene akufuna kuisindikiza, ndipo ndamva kuti ena mwa inu mitima yawawa mutaiwerenga.

Mdzukulu wa ku Zomba: Zikomo amalume pondipatsa mpata. Ine ndinabadwa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itatha, koma ndinakula ndikuona amayi akugona nsapato zili kumutu, ndipo usiku wa Chaka Chatsopano ana akamaphulitsa makombola ankazimitsa nyali n'kutiuza kuti tonse tigone pansi. Dzina la mayi aang'ono silinkatchulidwa pakhomo, ndipo ndikafunsa ndinkangoyankhidwa kuti anatsala kutsidya. Ndinalemba nkhaniyi kuti ndimvetse chimene chinkatiopsa ife amene sitinamvepo kulira kwa mfuti. Mayina ndi mudzi ndinasintha.

Mayi a ku Dedza: Mwana wanga, kulemba sindikukuletsa, ndipo pamene wafotokoza za ulendo wathu wausiku, agogo ako atasenza mtondo umene anakana kuusiya, ndinalira chifukwa zinalidi choncho. Chimene chandivuta ndi chakuti walemba kuti mlamu wathu ndi amene analondolera a Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma, kunyumba kwathu usiku umene anapha achimwene athu aakulu. Zimenezo palibe anaziona ndi maso. Mu 1986 nkhondo itakula ku Angonia, a Renamo anagwira anyamata a m'mudzi kuti aziwasenzera chimanga ndi katundu, ndipo iye anali mmodzi wa ogwidwawo. Pambuyo pake anamupatsa mfuti monga ankachitira ndi ena ambiri. Achimwene anali mlembi wa chipani cholamula cha Frelimo m'mudzi, ndipo anthu a maudindo otere ndi amene ankasakidwa poyamba, kotero panalibe chifukwa chakuti wina awalozere khomo. Ife tinathawira ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire, mbali ino Malawi mbali inayo Mozambique. Mng'ono wanga anali kale ndi pakati pa mnyamatayo. Anakhala nafe mpaka anachira, kenako anabereka mwana kumbuyo n'kubwerera kukamufunafuna, ndipo abambo analumbira pamaso pa ankhoswe kuti ngakhale pamaliro awo asadzapondepo.

Msuweni wa ku Johannesburg: Azakhali, zikomo potiuza zimene ambirife sitinazimvepo mwatsatanetsatane. Ine ndili kumbali yakuti nkhaniyi isindikizidwe, chifukwa Malawi inasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondoyo, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi madera ena, ndipo mabanja ong'ambika pakati ngati lathu ndi ochuluka, koma ana awo sadziwa kanthu. Komabe abale athu a ku Ulongwe amalankhula ndi kuwerenga chilankhulo chathu chomwechi. Ngakhale mayina asinthidwa, mtondo uja ndi mlembi wa chipani uja adzawazindikira, ndipo si bwino kuti adzapeze pa intaneti kuti abale a mayi awo alemba bambo awo ngati wakupha, chonsecho angotiitana kumene kumanda.

Mdzukulu wa ku Zomba: Achimwene, m'nkhani yopeka wolemba amayenera kusankha, ndipo ndinaganiza kuti mkwiyo wa agogo aamuna sungamveke kwa owerenga ngati mnyamatayo analibe mlandu weniweni.

Amalume a ku Lizulu: Mdzukulu wanga, mkwiyo umenewo unalipo popanda umboni, ndipo ndi pamenepo pamene pagona kuwawa kwa banja lathu. Abambo anataya mwana wamwamuna, anasowa womuimba mlandu, n'kusankha amene ankamudziwa nkhope. Pali chimene sunachilembe chifukwa sitinakuuze. Nkhondo itatha, pamene a UNHCR, bungwe loona za anthu othawa kwawo, ankabwezera anthu kwawo, mlongo wanga anafika pa Lizulu tsiku la msika ali ndi ana awiri, naima kutsidya kwa msewu pakati pa ogulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi. Anatuma mwana wa eni ake kuti akaitane abambo. Abambo anatuluka, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera m'nyumba osawoloka. Amayi ndi amene anawoloka mobisa madzulo ake, atamanga mchere ndi sopo pachitenje. Ngati ukufuna owerenga amve chimene nkhondo inatichita, lemba zimenezo, ndipo funso la usiku uja ulisiye lopanda yankho monga momwe lakhalira kwa ife zaka zonsezi.

Mayi a ku Dedza: Ndikugwirizana nanu achimwene. Ndikupemphanso kuti nkhaniyi isatuluke ana a mng'ono wanga asanaimve, ndipo aimve pakamwa pathu titakhala pansi, osati pafoni. Iwo ali ndi mbali yawo, chifukwa anakula akutchedwa ana a matsanga, dzina limene anthu ankatchulira asilikali a Renamo, ndipo mwina bambo awo anawauzako zimene ife sitinamve.

Msuweni wa ku Johannesburg: Pa za tsiku, ndikupereka ganizo la 4 Okutobala. Ndi tsiku limene mu 1992 a Joaquim Chissano, pulezidenti wa Mozambique panthawiyo, ndi a Afonso Dhlakama, amene ankatsogolera Renamo, anasaina pangano la mtendere ku Rome, ndipo ku Mozambique limakhala la tchuthi, kotero abale athu amene ali pantchito adzapezeka. Simenti ndi njerwa ndilipira ine. Otsala mugawane za chakudya ndi mayendedwe.

Amalume a ku Lizulu: Tsikulo ndalivomera, koma eni manda ndiwo atsimikize. Ine ndi mwana wanga wamkulu tidzatsogola mwezi wa Ogasiti kukaonana ndi akuchimuna komanso anyakwawa a kumeneko, pakuti sitingangofika ndi zomangira pamanda amene sitinalirepo. Mbuzi ichokera kwa ine. Achemwali a ku Dedza asonkhanitse zopereka kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo aliyense wopita akonzeretu zikalata zodutsira pachipata cha Dedza.

Mdzukulu wa ku Zomba: Ndamva amalume, ndamva amayi. Gawo la usiku uja ndilembanso, ndipo sinditumiza nkhaniyi kulikonse mpaka abale a ku Ulongwe ataimva. Ndikupempha kuti paulendo wa Ogasiti munditenge, kuti ndikawapemphe ndekha ngati angalole kuti mawu awo alowemo.

Amalume a ku Lizulu: Udzabwere ku Lizulu tsiku limodzi ulendo usanachitike, ndipo utenge chitenje ndi mpango, chifukwa tikafikira kwa akuluakulu.