Kodi kupatsa alimi osauka ndalama m'manja kumathandizadi?

Chikondi_M:
Akuluakulu, mabungwe ena masiku ano akungotumiza ndalama pafoni kwa mabanja osauka akumudzi m'malo mowagawira feteleza kapena ziweto. Ndalamazi sizithera kumowa? Nanga phindu lake limafika bwanji kumunda?

Mlangizi_Phiri:
A Chikondi, za mowazo anazifufuza kale. Mu 2014 akatswiri a World Bank anaunika kafukufuku wa m'mayiko a ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo sanapeze kuti olandira ndalama amawonjezera kugula mowa kapena fodya.

Kumunda zimafika chonchi. Chakudya chikatha m'nyumba mvula itayamba, bambo ndi mayi amathamangira ganyu m'minda ya ena, wawo n'kusanduka tchire. Kupalira kukachedwa zokolola zimachepa, chaka chamawa njala yomweyo. Ndalama zikabwera nyengo imeneyi, banja limagula chakudya n'kukhala m'munda mwake. Kwinanso ndi pokolola: wosauka amagulitsa mitengo ili pansi chifukwa cha fizi, matenda kapena katapila, pakapita miyezi ingapo n'kukagulanso zomwezo pamtengo wokwera. Ali ndi kangachepe m'thumba amatha kusunga zokolola zake.

Nachisale:
Ndiwonjezerepo za kagawidwe, chifukwa n'komwe ambiri amalakwitsa. Ku Kenya, bungwe lothandiza osauka la GiveDirectly linkatumiza ndalama kudzera pa M-Pesa (njira yotumizira ndalama pafoni), ena mwezi ndi mwezi, ena kamodzi n'kamodzi. Olandira pang'onopang'ono anapindula kwambiri pa chakudya. Olandira zonse pakamodzi ndiwo anagula zinthu zokhalitsa monga malata. Denga la malata si chisangalalo chabe: limathetsa kugula udzu ndi kufolera mobwerezabwereza, komanso zokolola siziola ndi kudontha.

Kafukufuku wina ku Siaya, ku Kenya komweko, komwe mabanja oposa 10,500 analandira pafupifupi madola 1,000 lililonse, anapeza kuti dola imodzi inkabweretsa madola pafupifupi 2.5 m'chuma cha dera, mitengo ya katundu itangokwera pang'ono kwambiri. Ogaya, amisiri ndi ogulitsa pamsika, omwe sanalandire, nawonso anapindula. Ngati cholinga chili chakuti mlimi agule mbewu ndi feteleza, ndalama zifike milungu ingapo mvula isanayambe. Zikafika mbewu zitamera kale, zipangizozo zaphonya nthawi.

Bambo_Gondwe:
Mayi Nachisale anena zoona, koma tisaiwale pomwe zimavuta. Nambala yolembetsedwa ikakhala ya mdzukulu, gogo sadziwa n'komwe kuti ndalama zalowa. Ena amapereka PIN kwa ejenti chifukwa sadziwa kuwerenga, n'kubwerako ndi zoperewera. Tsiku lolipira anthu mazana amakhamukira kwa ejenti mmodzi, ndalama zake n'kutha masana. Choncho kampani ya foni iuzidwe tsikulo pasadakhale, ndipo ndalama yomwe amadula potapa iwonjezedwe pamwamba kuti isadye gawo la wolandira.

Mndandanda wa olandira uwerengedwe poyera pamsonkhano wa mudzi, ndipo pakhale nambala yokadandaulirako yosadutsa mwa amene analemba mayina. Popanda izi, achibale a olemba amadzaza mndandanda.

Pa chilala choopsa, msika ukakhala wopanda chakudya ndipo misewu itaduka, ndalama zimangokweza mitengo. Pamenepo chakudya chenicheni chibwere kaye, ndalama zitsatire msika ukayambanso kuyenda.