Mwana wanga akungobwera ndi ma "oral" ndi mapositala, kodi akuphunziradi?

Mayi wa ku Rosettenville:
Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni maganizo. Mtsikana wanga ndinakamutenga ku Mangochi, pano ali Grade 5 pasukulu ya boma. Kumudzi ankabwera ndi kope lodzaza manotsi, aphunzitsi akalemba pabolodi iye n'kukopera. Kuno ndi za "oral" basi: akonze nkhani yoti akalankhule m'Chingerezi pamaso pa anzake. Sabata ino akupanga positala ya kasamalidwe ka madzi, ndagula guluu ndi makatoni mpaka ya takisi yatha. Nanga galamala adzaphunzira liti? Mtima wanga sukukhazikika.

Bambo wa ku Turffontein:
Mayi, mtima m'malo. Sukulu za boma zimatsata silabasi ya CAPS, yomwe inayamba mu 2012. Chingerezi chake chili ndi mbali zinayi: kumvetsera ndi kulankhula, kuwerenga, kulemba, ndiponso galamala. Ndiye galamala ilimo, kungoti amaiphunzitsira m'kati mwa nkhani zomwe ana akuwerenga. "Oral" imeneyo ili ndi malikisi ake mpaka ku matric, mayeso omaliza a Grade 12.

Ife a MSCE tinkaloweza ma tense onse, koma ambiri tikaima pamaso pa bwana kufunsa ntchito lilime limauma. Mnyamata wanga wa Grade 8 ndiye analembera landlord kalata ya giza (thanki yotenthetsera madzi) yodontha, mwaulemu koma mosapita m'mbali, ndipo anabwera kudzakonza. Ku EMS, phunziro la zachuma ndi bizinesi, akuphunzira bajeti, moti mwezi watha anakhala nane pansi ndi ma slip a golosale, kundionetsa kuti mafuta ophikira ndi amene akutimalizira ndalama.

Anti a ku Yeoville:
Zoona achimwene, koma tisamangoombera m'manja. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Grade 4 m'dziko muno satha kuwerenga momvetsa. Mwana akhoza kukongoletsa positala, kuloweza zolankhula, koma osamva zimene walembazo. Mayi, madzulo azikuwerengerani tsamba limodzi, kenako atseke buku akufotokozereni m'Chichewa zomwe zachitika. Akamajejema, vuto lili pamenepo. Onaninso pa lipoti ngati akuchita English Home Language (Chingerezi ngati chilankhulo cha pakhomo) kapena First Additional Language (ngati chilankhulo chachiwiri), pakuti yoyambayo ndi yolemera kwa mwana wongofika kumene. Nthano zaulere zilipo pa intaneti kwa a Nal'ibali.

Mayi wa ku Rosettenville:
Zikomo nonse. Ndayang'ana lipoti, ndi Home Language. Usiku uno wandiwerengera nkhani, theka wafotokoza bwino, kwinako anangoti duu. Anti, kodi ndikapemphe aphunzitsi kuti amusinthe, kapena ndiyambe ndaona teremu ino?

Anti a ku Yeoville:
Sukulu zina zimangophunzitsa imodzi, choncho kafunseni kaye. Mutenge kope lake popita, aphunzitsiwo akuonetseni pomwe akutsalira.